Fumbi la pa Malimu a Galimoto Yofiira

Loweruka, 2 Meyi

Yabwera. Yofiira, yonyonyomala ngati chule, phokoso ngati msewu ndi wa bambo ake. A Magolovesi kutsogolo, mwana wanga kumbuyo. Munthu wamkulu kuvala magolovesi poyendetsa galimoto, dzuwa lonseli. Ndi amene make mwana anasankha. Zawo zimenezo.

Malimu a matayala bii. Fumbi la mabuleki la sabata yonse, lomatirira ngati mwaye. Kabulashi, sopo, chala m'chiguduli, mpata ndi mpata. Sindifulumira. Malimu akadali akuda, mwana wangayo, Mafunso, amakhala pa tayala lakutha pambali panga, miyendo lendelende. A Magolovesi kutsidya kwa msewu, foni kukhutu.

Za lero: Ababa, nyerere zimagona? Nanga thovu loyera limachotsa bwanji zakuda? Dzino lakutsogolo likugwedera. Wandigwiritsa.

Kwina kulikonse sindimuona. Kuchipinda kwanga kuseri kwa galaja make anakana, akuti fungo la oilo. Kunyumba kwawo kuli geti ndi mlonda. Ndatsala ndi Loweruka, galimoto ikamatsukidwa. Basi.

Loweruka, 9 Meyi

A Magolovesi apaka chala pa limu, nkundionetsa ngati ndine ndadetsa. Akuti pofika Lachitatu amakhala atada kale. “Paja munali ku yunivesite inu? Fumbi lokha lakukanikani?” Pamaso pa mwana.

Kenako ngati zocheza: kuli ena mbali inayo ya tauni, ali ndi mankhwala a kunja, mwina akayese kumeneko.

Ndinasiyira panjira, inde. Koma zimene ndinaiwala ine, iyeyo sanazimveko nkomwe. Ndameza. Mawu anali pamlomo, abwinoabwino. Galimoto ikasamuka, mwana asamuka nayo.

Mafunso pokwera: Ababa, yunivesite ndi kutali?

Lachiwiri, 12 Meyi

Fumbi lija si la msewu. Mapadi a mabuleki ake ndi a mpikisano, odzaza zitsulo. Akaponda buleki amadya disiki, tizitsulo timauluka tili totentha, timaphikika pa penti ya limu. Sopo angachite chiyani? Komanso mpikisano wake uti? Kunyumba, ku ofesi, pamzere wa magalimoto ngati wina aliyense. Mapadi a seramiki amukwana. Fumbi lochepa, lotuwa, losamata. Pamwamba phula lolimba.

Ndawauza alamu, eni galaja. Anali akutokosa m'mano ndi waya. “Mlamu, fumbi limenelo ndiye munda wathu. Mukulithetseranji?” Ndawayankha kuti pali anthu amene nzeru zawo zimathera pamlomo wa ndowa. Sanakwiye. Sakwiya. Nchifukwa chake amanenepa.

Achemwali madzulo, akuika mbale pakhomo: “Pakamwa pakopo padzakugonetsa panja.” Ndadya.

Loweruka, 16 Meyi

A Magolovesi avomera, mapadi aja ndaika. Jeke, matayala onse pansi, madisiki kupukuta, mapini kudzoza girisi. Malimu ndatsuka kuseri komwe, kumene sikunafikepo dzanja chigulireni. Phula kawiri. M'mawa wonse.

Mafunso ndiye amasunga manati, m'kachitini. Kuwerenga, kusokoneza, kuyambiranso. Girisi pamphuno. Akuti akakula adzakhala ndi galaja yake, ine ndizidzangokhala pampando nkumakalipa. Amandidziwa.

Mapadi atsopano amafuna kuzoloweretsa: kuthamanga, kuponda, kusiya azizire. Ndapempha makiyi. A Magolovesi aseka. Ayendetsa okha, ine kumbuyo, atayala nyuzipepala pampando kuopa ovololo. Ndikanatsika. Koma mwana anatsamira pamkono panga, buleki iliyonse iye kuseka, mutu gu pachifuwa changa. Tsitsi lake likununkha mafuta amene sindiwadziwa.

Loweruka lililonse likanamatero.

Loweruka, 23 Meyi

Malimu mbee. Sabata yathunthu, mbee. Ndathira madzi a payipi, kafumbi kotuwa katsetsereka kokha. Bulashi sindinaigwire.

A Magolovesi azungulira galimoto, agwada, apaka chala. Choyera. “Bambo, ndinu dolo.” Anatero a Magolovesiwo, alamu akumva. Zinanditsekemera mpaka m'mafupa, ndisaname.

Sanawoloke msewu. Sanazimitse ndi injini. Mwana sanatsike, akuti kungotsika nkukweranso. Wamwetulira kuseri kwa galasi. Dzino palibe. Linachoka liti, anazula ndani, sindinafunse. Anali atabwerera kale chammbuyo.

Ndatsala nditagwira payipi, madzi akuthira nsapato zanga.

Loweruka, 30 Meyi

Sinabwere. Mwina ulendo.

Loweruka, 6 Juni

Ndasesa pamalo pake. Ndaimitsa minibasi panja kuti pasakhale chotchinga. Ndatsuka pikiapu ya nkhuku, ndatsuka takisi yomwe wina anasanziramo. Phokoso lililonse la injini, khosi kutembenuka lokha.

Sinabwere.

Alamu angopitiriza kutokosa m'mano. Bola akananena.

Lachinayi, 11 Juni

Ziwiri lero, yakuda ndi yachikasu, za anzawo a Magolovesi. Onse akufuna “zomwe zija”. Wina wandifunsa ngati ndine injiniya amene akunenedwa. Alamu alumphira: “Ndi ameneyu, injiniya wathu!” Anthu omwe aja a munda. Munda wina wapezeka, waukulu. Andigulira ovololo yatsopano. Yandithina m'khwapa.

Ndasuzumira mipando ya kumbuyo, zonse ziwiri. Jekete. Botolo la madzi. Ndimafuna chiyani kumeneko?

Achemwali anakumana ndi make mwana kumsika. Yofiira masiku ano amangoithira madzi kunyumba, wa m'dimba amatha yekha. Loweruka mwana anamulembetsa kosambira. Akuti amakonda. Akuti make anati andithokoze, bambo a kunyumba asiya kudandaula za malimu.

Achemwali ananena zimenezi akuyang'ana pansi. Kenako: “Ukapepese kwa make, mwina angamakubweretsere.” Ndipepese chiyani? Zonse ndinamuuza tsiku lija tinasiyana zinali zoona. Nchifukwa chake sanakhululuke.

Lolemba, 15 Juni

Ndawaimbira a Magolovesi. Foni ya alamu, yanga ilibe kanthu. Ndinayeserera kaye kuseri kwa galaja ngati mwana wa sukulu.

Ndati mapadi a seramiki ndi ovuta, amafuna diso. Kuwaona sabata iliyonse, makamaka Loweruka m'mawa, poti ndi pamene jeke imakhala yopanda ntchito. Ndatchula kutentha, ndatchula madisiki kupindika. Bodza loyera bwino, la munthu wophunzira. Mapadi amene aja adzatha mwana ali ku sekondale.

Amvetsera mpaka kumapeto. Sanatsutse. Wakhulupirira munthuyo, ndine dolo paja. Kumbuyo kwake ndimamva mbale, wailesi, ndi mawu aang'ono akufunsa wina wake chinachake. Sindinamve funso.

“Palibe vuto, bambo. Ndizitumiza dalaivala.”

Ndati zikomo bwana.

Bwana. Pakamwa panga pomwepa.