Magazi a pa Thaulo Lanu Loyera

Mayi a m'nyumba,

Musakuwe mukaona magazi pa thaulo lanu loyera lija, sindinafe ayi. Ndimafuna kuthetsa mkangano wathu wa zometera ndevu. Tsaya lakumanzere ndameta ndi chakale changa cha malezala atatu, chomwe mumati chimasiya ziputu zokubayani. Lakumanja ndameta ndi cha malezala asanu chimene munandigulira, chija mumachitama ngati nanunso muli ndi ndevu. Chasalazadi, koma chadyako ndi chibwano chomwe! Ndathamangira kogula pulasitala, ndingakadonthezere magazi pa mapepala a abwana.

Pepani, thaulolo mundiviikireko m'madzi ozizira. Chometera changa chakalecho musachitaye, mlandu sunathe. Madzulo mudzasisite masaya onse awiri, muweruze nokha, koma osakondera.

Ndine mwamuna wanu wosalala mbali imodzi.