Mawu a bambo mu telefoni yobwereka

Maputo, 24 Novembro

Okondedwa achemwali anga, Mana Piedade,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Custódio ndi ana. Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika kumunda? Chifuwa chanu cha fumbi chija chinatsika? Ine kuno ndili bwino, kungoti chakudya ndimadya chiimire.

Ndikudziwa museka kulandira kalata ya papepala kuchokera kwa munthu amene amadyera matelefoni. Sekani ndithu. Pali nkhani imene ndayesa kangapo kukuuzani pa telefoni, koma mukangoyankha ndimayamba kukufunsani za mvula. Ndiye ndapatsira kalatayi mnzanga Ulisses amene akupita ku Tete pa ntchito.

Mwezi uno ntchito yafika m'khosi. Natale, Khirisimasi ija, ikayandikira aliyense amafuna kudziwa telefoni yoti agule, ndiye makampani amangotiunjikira katundu. Patebulo panga pano pali matelefoni asanu ndi wotchi ina yowerenga mapazi amene munthu waponda, yomwe m'mawa uliwonse imandinyoza kuti ndine waulesi. Chilichonse ndimakhala nacho milungu iwiri. Ndijambule nacho zithunzi, ndione bateriya ikutha nthawi yanji, ndilembe, ndiyankhule pa vidiyo, ndipo pofika Lachisanu a shefi, bwana wanga, akhale ataona. Sabata yatha ndinali ku Beira, sabata ya mawa ndikupita ku Nampula kukayesa ngati zimagwira bwino kunja kwa tauni.

Ndinamva kuti amayi amauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo ali ndi matelefoni ngati sitolo. Asiyeni anyadire, koma mwa onsewo mulibe yanga ngakhale imodzi. Onse ndi obwereka. Milungu iwiri ikatha ndimafufuta zonse zili m'kati, n'kubweza telefoni ili mbee ngati mmene inabwerera. Ndi lamulo la ntchito ndipo ndinasainira. Ndachita zimenezi kambirimbiri moti zala zimangodziwa zokha podina. Nkhani yanga yagona pamenepo.

Mukukumbukira Natale ya chaka chatha, bambo atanditenga kupita kumanda atsopano. Chichokereni ku Mithete, mgodi wa malasha utatenga mudzi ndipo mafupa a abale athu atasamutsidwa, matabwa a mayina aja chiswe chinadya, n'kutsala timiyala ta simenti ta manambala okhaokha. Pakhomo pathu bambo okha ndiwo ankadziwa kuti nambala iyi ndi uje, iyo ndi uje. Tsiku limenelo anavala jekete yawo ya Lamulungu dzuwa likuswa mtengo. Tinayenda manda onse asanu ndi anayi a kwathu, iwo akutchula dzina, mwana wa yani, anamwalira chaka chiti, ine ndikujambula. Telefoni yanga ndinaisiya m'thumba, n'kutulutsa yobwereka, poti inali ndi kamera yabwino ndipo ndinkafunanso kuiyesa padzuwa la ku Moatize.

Potuluka kumandako bambo anandichenjeza kuti manda si chionetsero, ndisakayerekeze kuwaika pa intaneti pamene ndimaika zinazi. Ndinawamvera. Nditabwerera kuno, zithunzi zina zonse ndinazisamutsira mu kompyuta ya kuntchito, koma vidiyo ya bambo ndinaisiya momwemo, ndikuti ndidzaiika mwanga ndikapeza mpata. Mpatawo sunapezeke. Mu Janeiro munthu wa kampani anafika kudzatenga telefoni yake ine ndili ndi chikwama m'manja, ndikuthamangira ndege ya ku Joni. Ndinafufuta ndili chiimire pakhomo, osaganiza chilichonse.

Ndinadzakumbukira mu Junho, titangoika bambo m'manda, amayi atanena pagulu kuti mwayi wake Leonildo anawajambula akutchula mayina. Mana, vidiyo ija kulibe. Ndinaifufuta ndi manja angawa. Nthawi zonse zija mumandifunsa, ine n'kumati ndi yaikulu sikutumizika, ndinkanama.

Musaganize kuti sindinayese. Ndinailondola telefoniyo mpaka kuipeza, koma inali itadutsa kale m'manja mwa anthu atatu, aliyense akufufuta. Mnzanga wokonza matelefoni anakhala nayo masiku awiri, n'kungopukusa mutu. Pa intaneti sinasungikenso, chifukwa zobwereka sindizilumikiza ku dzina langa.

Masiku apitawa ndinawerenganso zimene ndinalemba za telefoni imeneyo. Ndinaiyamikira kuti inagwira bwino mawu a munthu wachikulire ngakhale kunali mphepo ndi phokoso la magalimoto a malasha. Sindinaname, inagwiradi. Koma ine ndinkamvetsera mphepoyo, osati mayinawo, ndipo maso anga anali pagalasi kuona ngati nkhope ikuda padzuwa. Pa manda asanu ndi anayi ndikukumbukira amodzi okha, nambala 23, a agogo a Florinda, mayi awo a bambo. Pamenepo bambo anavula chipewa n'kukhala chete nthawi yaitali. Ine ndinaganiza kuti telefoni yasiya kugwira mawu, ndiye ndinadzutsa mutu. Ndi pokhapo pamene ndinawaona ndi maso anga ulendo wonsewo, ndipo zimandipweteka.

Chimene chikundidya kwambiri ndi timanda tiwiri tating'ono toyandikana tija, 31 ndi 32. Amodzi ndi a Fatinha, mng'ono wanu amene anamwalira ine ndisanabadwe, enawo ndi a mwana wa banja lina. Amayi sanapondeko kumbali ya manda osamutsidwa aja chisamukireni, ndipo munandiuza kuti chimene akudikira pa Natale ino, pamene tikumanga ziliza, ndi kuona dzina la mwana wawo litalembedwa. Sindikudziwa kuti a Fatinha ndi ati. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma ndinaganizapo zongosankha amodzi, poti palibe akananditsutsa. Maganizo amenewo ndinayenda nawo masiku angapo. Ndawataya. Sindingalole kuti amayi akagwade pa mwana wa eni chifukwa choti ine ndikufuna kubisa nkhope.

Pempho langa ndi limodzi. Azakhali a Georgina a ku Zóbuè anali limodzi ndi bambo tsiku losamutsa mafupa, ndipo sindikudziwa winanso wotsala amene analipo. Maso awo akuchita mdima, koma mutu ukadali wakuthwa. Paja pamaliro anandikumbutsa za mango amene ndinawabera ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka kutchula mtengo wake. Chonde kwerani shapa, minibasi ija, Loweruka likubwerali mukawaone. Mukawauze zoona zake, kuti mwana wa mlongo wawo anataya mayina, ndipo mukawapemphe ngati angalole kuti ndidzawatenge pa 20 Dezembro tikayende nawo kumandako. Ndikanawaimbira, koma nkhani ya manda sakambirana ndi munthu wamkulu pa telefoni, komanso mukudziwa kuti kumapiri kwawoko, kumalire, telefoni imangothawira ku netiweki ya ku Malawi. Mpaka azakhali ayankhule, alamu amuuze mmisiri wa ziliza asalembe dzina lililonse pa simenti.

A shefi anali atandiika pa ulendo wina wa ku Joni, kuyambira pa 18 mpaka pa 22 Dezembro, kukaona telefoni yatsopano isanafike m'masitolo. Ndakana. Anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa kuti ena akulirira mpando umenewo, ndinawayankha kuti ndikudziwa. Sanakondwe, ndipo mwina chaka chamawa maulendo otere adzapatsa ena. Pakali pano ndikulimbana ndi matelefoni asanu aja kuti ndimalize onse ndisananyamuke. Ndidzatsika ndege pa Chingodzi pa 19 masana, musavutike kudzandichingamira, shapa ya ku Moatize ndikuidziwa.

Amayi musawauze kanthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndakhala kuunako miyezi isanu, yakwana. Ndidzawauza ndekha titakhala pansi. Zikadzapezeka kuti azakhali nawonso sakukumbukira za Fatinha, ndidzawauzanso zimenezo, ngakhale sindikudziwa kuti ndidzayambira pati.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, ndi kwa ana onse. Mwana wanu Lyness mumuuze kuti wotchi yowerenga mapazi ija si yanga, asaidikire. Mukafika ku Zóbuè mundipatsire moni azakhali, asuweni onse, ndi amalume a Silvério ngati mungawapeze pamsika wa mbatata.

Dzulo ndagula kope lachikuto cholimba ndi zolembera ziwiri. Tsiku lopita kumanda telefoni ndidzaisiya patebulo kwanu. Azakhali akamadzatchula, ine ndidzakhala ndikuwayang'ana kumaso, ndipo dzina lililonse ndidzaliwerenga mokweza kuti inunso mumve.

Ndine mlongo wanu wokusowani,

Leonildo