Galu Wadya Khadi la Chipani

Loweruka, 9 Okutobala, ku Nkhudzi

Lero kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhazikike mpaka pano. Mukaone, galu wanga, wadya khadi langa la chipani.

Wolakwa ndine. M'mawa ndinalionetsa kwa anyamata a chipani amene amaona makhadi pachipata cha msika, kenako ndinangoliponya m'dengu limodzi ndi usipa, ndiye linatenga fungo la nsomba. Pobwera kotunga madzi ndinamupeza Mukaone ali pakhonde, kachidutswa kokha ka khadilo katatsala pakati pa miyendo yake. Mbali ya nkhope ya mtsogoleri inali italowa kale m'mimba.

Munthu wa mtima woipa akhoza kukanena kuti mphunzitsi wapatsa galu khadi mwadala.

Abiti Jafali, a nyumba yoyandikana nane, anaona zonse ali kuseri kwa mpanda. Iwo galu samukhudza, ndipo Mukaone samufuna n'komwe. Koma anangoti, "Aphunzitsi, maso angawa ndi okalamba, sindinaone kanthu. Kwa atcheyamani a chipani mukanene kuti lagwera m'nyanja pochapa." Kenako anabweretsa khasu lawo, n'kukwirira okha kachidutswako.

Ndodo ndinaitenga, koma sindinamumenye. Anali atayamba kale kusanza, uku akundiyang'ana ndi maso a misozi. Iye za chipani sazidziwa. Ndamuphikira phala, wangonyambita pang'ono n'kugona pamapazi panga, mimba ikulira.

Lolemba ndipita kwa atcheyamani. Ine ndikamanama mawu amanjenjemera. Akandifunsa kamodzi ndilimba mtima, koma akabwerezanso, kaya…