Khadi Lachitatu

Achimwene okondedwa,

Landirani moni wa mlongo wanu wa kutali. Muli bwanji kumeneko? Nanga bondo la amayi lija linasiya kutupa? Ife kuno tili bwino, kungoti ntchito ya utelala yandichulukira, makina akungolira tsiku lonse.

Ndamva kuti wina wawauza amayi kuti ine ndi alamu anu tayamba njuga. Pempho langa ndi limodzi lokha: muwakhazike pansi, muwafotokozere kuti palibe amene amabetcha kanthu. Ndi makhadi a zithunzi za zilombo ndi asilikali, ndipo khadi lililonse lili ndi timawu tonena zomwe limachita. Anthu amagula, amasinthana, kenako awiriawiri amamenyanitsa magulu awo patebulo. Azibambo a ndevu zawo, achimwene, kukanganirana chinjoka cha papepala!

Inenso poyamba ndinkawaseka alamu anu. Ndinatenga kabuku ka malamulo kuti ndipezemo chowatsutsira, koma paja mukundidziwa ine ndi mafunso. Chinandikola n'chakuti makhadi awiri amatha kunena zotsutsana, onse n'kumaoneka olondola, ndiye umafunika kufufuza kuti lomvera ndi liti. Ndinafunsa mpaka osewera anatopa nane, n'kuyamba kundifunsa ine. Mapeto ake mwini sitolo yomwe amasewereramo anandipempha kuti ndiziweruza mipikisano ya Loweruka.

Loweruka lapitali linali langa loyamba, ndipo tsoka ilo, mu ndime yomaliza alamu anu anakumana ndi mayi wina woyendetsa basi. Alamu anuwo anali ndi khadi lotchedwa Mlonda wa Mkuwa, lomwe limati msilikali ameneyu akafa amadzukanso kamodzi. Mayi uja anaponya Kamvuluvulu, lomwe limanyamula msilikali patebulo n'kumubwezera pansi pa mulu wa makhadi. Alamu anu anati mlonda wawo adzuke. Mayi uja anati wouluzika ndi mphepo sanafe, wangochoka. Onse anatembenukira kwa ine. Ndinawerenga makhadi awiriwo mobwereza, n'kugamula kuti mayiyo akunena zoona. Alamu anu anagonja, chikho chinapita.

Kunyumba ndinkayembekezera msunamo, koma ayi ndithu. Ankangouza aliyense, mpaka wometa tsitsi wa pafupi ndi kwathu, kuti mkazi wawo poweruza saona nkhope.

Koma mtima wanga sunakhazikike. Lachiwiri ndikusoka kolala ya shati, ndinayamba kuyala tebulo lija m'maganizo, khadi ndi khadi. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira lachitatu, Belu la Maliro, lomwe alamu anu anayala koyambirira kwa masewero, kumanzere kwawo. Limeneli limati msilikali aliyense wochoka patebulo, mwa njira iliyonse, awerengedwe kuti wafa. Singano inandibaya chala. Ndiye kuti mlonda uja anayenera kudzuka, ndipo chikho chinali chawo. Ndinawalanda amuna anga ndi pakamwa panga, anthu makumi awiri akuonerera.

Nditaweruka ndinatenga makhadi atatuwo m'mulu wa alamu anu, ndinawayala pamakina osokera n'kuitana eniake. Ndinaulula zonse, manyazi atandigwira. Iwo anangoyang'ana pansi, akukanda m'mutu.

"Ndinalikumbukira mutangogamula, anthu akukuomberani m'manja," anatero. "Ndinaliphimba ndi chigongono. Linali tsiku lanu loyamba."

Achimwene, munthuyu wasonkhanitsa makhadi amenewa zaka zitatu akulota chikho chimenecho, ena mwa iwo amawasunga m'timapepala ta pulasitiki ngati setifiketi ya sukulu. Ndinalira. Kenako ndinakwiya, chifukwa kubisa khadi nakonso n'kuphwanya lamulo, ndipo analiphwanya pamaso pa ine woweruza. Ndafufuza kabuku kaja tsamba ndi tsamba kuti ndione chilango chake. Kali ndi zilango za wobera kuti apambane, zambirimbiri, koma za munthu wobera kuti aluze mulibe ngakhale mzere umodzi.

Loweruka likubwerali ndikaulula kwa mwini sitolo ndi kwa mayi wa basi uja, ngakhale andichotse pa uweruzi. Ntchitoyi ndaikonda, sindikubisirani, ndipo ikandichoka zindiwawa. Alamu anu anayesa kundiletsa, ataona kuti sindikusintha anati basi akaima pambali panga, popeza wolakwa woyamba ndine koma wakuba ndi iwo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asamayende kwambiri ndi bondolo. Moni kwa alamu anga, kwa azakhali, ndi kwa ana onse, makamaka wakhanda yemwe sindinamunyamulebe. Alamu anu akuti moni wambiri. Ali pompano akusanja makhadi awo, akunamizira kuti sakusuzumira zomwe ndikulemba.

Tsalani ndi mtendere,

Ine mlongo wanu,
Mzime