Munda Wanu Uli m'Dzina la Akamwini Anu

Amayi, kumene munapitako mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Mualadzi tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkandidzudzula kuti ndimalowa pakhomo la munthu ndi nkhope ya maliro. Mng'ono wanga Rozita anachira nthawi yokolola, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Kulira kwake ndi kwa munthu wobwera kudzalamula. Mbuzi yanu yotsimphina ija inaswa awiri. Zokolola zokha musafunse, nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndakulemberani.

Mukukumbukira tsiku lija a zaulimi anabwera kudzalemba minda ndi makina onga telefoni yaikulu? Ine ndinali kuchipatala ndi mwana. Pakhomo, munthu wa telefoni, wodziwanso Chipwitikizi, anali a Fakisoni, amuna anga, akamwini anu. Ndiwo anatsogolera tekiniko wa zaulimi uja kuzungulira malire, kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa msuku. Inu munali momwemo mukupalira. Mutaona akamwini anu akubwera, munachita zimene mpongozi aliyense waulemu amachita: munapatuka, n'kukagwada m'chimanga mutapenya kumbali mpaka anadutsa. Tekinikoyo anali wochokera kutali, mwambo wathu samaudziwa. Anajambula munthu amene anaima patsogolo pake, n'kulemba dzina lake ndi nambala yake. Nditabwerako munandiuza mukuseka kuti aboma ayamba kujambula ndi minda yomwe, nanenso ndinaseka nawo.

Munda umenewo ndi umene anakusiyirani agogo, umene munautsegulanso ndi manja anu titabwerako ku Zambia nkhondo itatha, utasanduka tchire lokhalokha.

Titangometa maliro anu, a Fakisoni anayamba maulendo a ku Cassacatiza, kumalire a Zambia kuja, ati geni. Geniyo ili ndi dzina, ndipo pano ndi yoyembekezera. Ankhoswe anakhala pansi, ukwati unatha. Mkamwini akamachoka pamudzi amanyamula bulangete ndi njinga yake, basi. Awa ananyamulanso telefoni, ndipo palibe anadziwa kuti munda nawo walowa m'thumba momwemo.

Masiku ano alangizi sayendanso m'midzi ngati kale lija ankabwera panjinga inu n'kuwaotchera chimanga. Zonse zimabwera pa telefoni: nthawi yobzala, za mvula, za matenda. Sindinama, anzathu zikuwathandiza. Dzinja lapitali mbozi zitayamba, uthenga unafika msanga, oyandikana nafe anapopera mankhwala chimanga chawo n'kupulumuka. Uthenga wa munda wanu unakalira ku Cassacatiza. Ine ndinadzazindikira masamba atabooka kale ngati sefa. Mbewu ndi adubu, feteleza uja, nazonso amapatsa munthu amene waonetsa nambala yobwera pa telefoni. A Fakisoni anakatenga zonse, ana awo osawatumizirako ndi kambale komwe.

Tsopano zafika poipa. Sabata yatha kunabwera munthu wolima fodya atakwera mota, njinga yamoto ija, n'kuyamba kukhoma zikhomo m'malire. Akuti a Fakisoni amubwereketsa mundawo, ndipo amuonetsa pa telefoni kuti ndi wawo. Ndinazula zikhomozo iye akuona n'kuziponya kumtsinje. Munkati ine ndinabadwa ndi mkwiyo wa anthu awiri. Tsiku limenelo onse awiri analipo. Wa fodyayo anachoka, koma anasiya mawu akuti mvula ikayandikira abwera ndi ng'ombe.

Ndinapita ndi malume kuofesi ya zaulimi. Mtsikana amene tinamupeza anatilandira bwino, anamvetsera mpaka kumapeto, sindingamunenere zoipa. Anati makinawo sagawa minda, koma kuti dzina lisinthike pafunika wolembedwayo abwere yekha adzavomere, apo ayi mwini weniweniyo aonekere ndi bilyeti yake, chitupa cha boma chija. Malume anamuuza kuti mwini weniweniyo tinamuika m'manda, ndipo bilyeti sanakhalepo nayo chibwerere ku Zambia. Mtsikanayo anati atumiza dandaulo lathu ku Tete, koma za tsiku loyankha sakudziwa. Mudzi wonse ukudziwa kuti munda ndi wanu, amayi, koma mudzi mulibe m'makinamo.

Kenaka anatembenuza makinawo kuti tione tokha. Pachithunzipo panali a Fakisoni ataima manja m'chiuno, akumwetulira ngati anagwetsapo mtengo ndi umodzi womwe m'mundamo. Ndinafuna kulavula. Koma kumbuyo kwawo, kumapeto kwenikweni kwa chithunzi, pakati pa mizere ya chimanga, ndinaona msana wanu. Chitenje chanu chofiira chija, mpango kumutu, khasu litagona pambali panu. Ndinalira pamaso pa anthu, malume n'kusowa pogwira. Inu simunajambulitsepo moyo wanu wonse, munkati ana anu nkhope yanu akuidziwa kale. Ndinaloza ndi chala kuti mwini munda ndi uyu, wagwadayu. Mtsikanayo anayang'anitsitsa, n'kunena motsitsa mawu kuti nkhope sikuoneka.

Ndinapempha kuti anditumizireko chithunzicho pa telefoni ya Rozita, ndizikuonani ndikakusowani. Anayesa ndithu, ndinamuona akudinadina. Koma makinawo amangotumiza ku nambala ya mwini munda. Ndiye inu muli ku Cassacatiza, m'thumba la munthu amene sakudziwa n'komwe kuti mulimo.

Sindikukuimbani mlandu, amayi. Munachita ulemu umene anakuphunzitsani, kungoti munauchitira munthu wosayenera. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndikataya mundawu ana anga ndi a Rozita alibe kwina kolima.

Mitambo yayamba kusonkhana masana, mphepo nayo yasintha. Mbewu ya boma ndilibe, koma chimanga chamakolo ndinasungako padenga la khitchini, chada bii ndi utsi. Mawa ndiyamba kugalauza. Yankho la ku Tete lifike kapena lisafike, wa fodyayo adzandipeza ndili pakati pa munda, ndipo ndikukulonjezani kuti ng'ombe zakezo zidzayamba zaponda ine zisanaponde mizere yanu.

Ndimakusowani tsiku lililonse. Muwapatse moni agogo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati