Munda wa ku Nkaya wandimanga miyendo

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Joniko pamodzi ndi alamu? Kuno tilipo, kupatula amayi omwe mwendo uja ukuwavutabe.

Ndinapeza malo ophunzira kuwotcherera zitsulo ku Balaka. Lachisanu amalume atabwera kuchokera kumzikiti, ndinagwada n'kuwauza. Anaseka, amvekere: "Iyayi Asiyatu, mwana wamkazi ndiye mwini mudzi. Amunafe timapita kuchikamwini, munda uno ndi wako. Ukachoka, amayi ako ndi mundawu zitsala ndi ndani?"

Ndinawafunsa kuti nanga inu achimwene popita ku Joniko anakuletsani ndani. Akuti mwamuna ndi woyenda. Amayi anangoyang'ana pansi.

Achimwene, amabungwe akabwera amatiyamikira kuti kuno akazi tili ndi malo, ndiye kuti ufulu tili nawo kale. Ufulu wanji woti sungakwere nawo sitima yodutsa pakhomo pako? Ine sindikufuna kusanduka mwamuna, ndikungofuna kuti nanenso azindifunsa maganizo anga.

Chonde aimbireni foni amalume, inu amakumverani. Zikundiwawa kuti ngakhale apa ndikubwereka pakamwa pa mwamuna. Allah akusungeni.

Amati mundawu ndi wanga, koma ndaona kuti ine ndiye wa munda.

Ine mlongo wanu,
Asiyatu