Nzimbe za ku Lirangwe

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Ndine Feliya, mwana wanu wachisamba, uja munkamunena kuti pakamwa pake pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Kuno ku Chileka tilipo. Ndege zikadadutsabe pamwamba pa munda wathu, ndipo nkhuku zanga sizinazolowerebe mpaka pano. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chikungoyamba kumasula. Nandolo ndiye watipukuta misozi. Mdzukulu wanu Tadala, amene munamusiya akukwawa, wabereka mwana wamkazi mwezi wathawu. Tamutcha dzina lanu, ndipo akalira amakwinya chipumi ngati inu mukapeza mbale zosatsuka.

Koma sindinatenge cholembera chifukwa cha nandolo. Pali nkhani yandiima pakhosi, ndipo sindikudziwa woiuza wina koma inu.

Chaka chatha ndinayamba kuonda. Chitenje chimene ndinkazunguliza kamodzi ndi theka chinayamba kuzungulira kawiri. Ludzu silinkatha, ndipo kuseri ndinkapitako mpaka kuchita manyazi. Ndikafika kumjigo, azimayi ankasiya nkhani pakati. Mukuwadziwa anthu a kwathu, sakufunsa, amangokuwerenga nthiti ndi maso. Munkakonda kunena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ndinayezetsa matenda aja katatu konse, osapezeka. Ndinapereka makhololo, chifuwa chachikulu osapezeka. Ndinkangobwerako ndi timapilisi ta mutu.

Kenako kuchipatala chathu chaching'ono kunabwera anthu a kafukufuku ochokera m'tauni. Ambiri m'mudzi muno anathawa, ati ndi anamapopa. Ine ndinati, magazi anga otsalawa ndi angati oti munthu n'kuwasirira? Ndinapita. Namwino wawo, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, anatilongosolera kuti matenda a shuga anthu anazolowera kuwafuna mwa mabwana onenepa, pamene kumidzi kuno akugwiranso anthu oonda, olima okha, ndipo ambiri amafa osadziwika chowadwalitsa. Iwo akuyerekeza njira zingapo zoyezera kuti aone imene ingawagwire msanga mwa anthu ngati ife.

Anandiuza kuti ndibwere m'mawa osalawa kanthu. Anandibaya chala, n'kutenganso magazi pamkono. Atatero anandimwetsa kapu ya madzi otsekemera mpaka nseru, n'kundikhazika pabenchi maola awiri, kenako kutenganso ena. Patatha masabata awiri anandiitana n'kundiuza kuti ndi shuga. Akuti kapamba wanga sakutulutsa mokwanira timadzi timene timathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga. Mtundu wake weniweni sakuudziwabe, magazi ena awasunga kuti apitirize kufufuza. Mankhwala ndayamba, ludzu lachepa. Za thupi langa musade nkhawa kwambiri.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi fomu yawo. Namwino uja ankandifunsa za ku mtundu, iye n'kumalemba.

"Mayi anu anamwalira ndi chiyani?"

"Matenda aja," ndinayankha msangamsanga, monga ndakhala ndikuyankhira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

"Anayezetsa?"

Simunayezetse, Amayi. Masiku amenewo ankayezetsa ndani? Munthu akaonda, mudzi wonse unkakhala dokotala.

"Nanga bambo anu alipo? Ali pa mankhwala?"

"Alipo. Za mankhwala sindinamvepo. Akuti amapalasabe njinga."

Namwino anangolemba. Kenako anafunsa ngati munkamwa madzi kwambiri, ngati munali ndi chilonda chosapola. Ndinakumbukira ndowa imene tinkakuikirani pambali pa mphasa. Ndinakumbukira chilonda cha kuphazi chija. Ndinakumbukiranso nyerere zimene zinkaunjikana kuseri kwa bafa pamene munkatayira madzi, inu n'kumaseka kuti, "Taonani, ngakhale nyerere zikudziwa kuti ndine munthu wokoma." Tinkaseka nanu, Amayi. Namwino anati sangalumbire, poti womwalira sayezedwa, koma zizindikirozo ndi zomwezi zandigwira ine.

Ndinatuluka m'chipindamo ndikukumbukira zimene ndinachita pamaliro anu. Inu simunaone, munali mutagona m'bokosi. Ndinaima pakhonde, anthu ali chete, n'kuwaloza Abambo chala. Ndinati, "Mwawapha ndinu, ndi maulendo anu a ku Limbe aja." Maulendo ake anali okagulitsa tomato wathu yemwe, amene ankatiguliranso yunifolomu. Mlongo wanu, atsibweni a Dayisoni, anavomereza. Itakwana nthawi yoti tiwasudzule Abambo mwamwambo, kuwamasula kuti akhoza kukayamba moyo wina, atsibweni anati wotiphera mlongo sitimusudzula, aone yekha njira. Abambo anamanga khasu ndi bulangete panjinga n'kubwerera kwawo ku Lirangwe. Kuyambira tsiku limenelo sindinawalankhulepo. Ankatuma moni, ine n'kumaubweza. Paja munkati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndaupeza.

Loweruka lapitali ndinakwera minibasi. Njira yonse ndinkayeserera mawu amodzi okha, pepani. Ndinawapeza kuseri kwa msika, pansi pa mtengo, akumata chubu cha njinga. Akalamba, Amayi. Tsitsi lonse mbuu, ndipo msana wapindika. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Feliya? Iwe, nanga thupi lapita kuti?"

Sanafunse kuti wadzatani, sanakumbutse za pakhonde. Anapukuta kampando ndi malaya awo n'kundikhazika. Kenako anapita kwa mayi wogulitsa nzimbe chapafupi, n'kubwera nayo imodzi. Anaisenda ndi kampeni kawo kaja, n'kuidula timagawo ting'onoting'ono, ndendende mmene ankakudulirani inu mano atayamba kugwedera.

"Tafuna, mwanawe, upeze mphamvu. Mayi ako inkawatsitsimutsa."

Apa ndi pamene ndikanati pepani. Koma pakamwa panga mukupadziwa. Ndinayamba ndi zakuchipatala. Ndinati sindingadye, andipeza ndi shuga. Ndinawauza za fomu, za ludzu, za nyerere zija, n'kuti mwina chimene chinakutengani si matenda aja.

"Zoti si matenda aja ndinadziwa kalekale," anatero. "Ndinakayezetsa chitangobwera choyezera. Ndilibe."

"Nanga osabwera kudzatiuza bwanji?"

"Ndikanabwera nacho chipepalacho, anthu akanati chiyani? Akanati ndiye kuti woyendayenda anali mayi ako. Ine ndili moyo, nditha kupirira. Iwo akanadziyankhira bwanji?"

Amayi, ndinalira pamsika ngati mwana. Zaka zonsezi munthu anasenza mlandu wosakhala wake kuti dzina lanu lisade. Ndinafunsa chifukwa chake sanakwatirenso, amaphika okha. Anaseka pang'ono. "Ndikwatira bwanji? Ine ndikadali mkamwini wa kwanu. Simunandisudzule."

Ndikanakonda kalatayi ikanathera pomwepa. Koma atatero anayang'ana timagawo ta nzimbe tili m'dzanja mwawo, ndipo ndinaona nkhope ikusintha.

"Wati shuga? Ndiye wodwala shuga sadya izi?"

Anayang'ananso nzimbezo.

"Tsiku lililonse ndinkabwera nazo. Akakana chakudya ndinkawanyengerera ndi nzimbe. Ndinkati ndikuwapatsa mphamvu." Anaika nzimbezo pansi mwakachetechete. "Ndiye unkanena zoona, mwanawe. Ndinawapha ndine."

Ndinakana, ndinalumbira. Ndinati tiyi wa masipuni atatu ndinkakupangirani ndine, thobwa lothira shuga linkachokera kwa atsibweni, tonse tinkachita zomwezo posadziwa. Ndinati chinakuphani ndi matenda amene palibe anawayeza. Ankangogwedeza mutu, koma ndinaona kuti sakundimva. Anatolanso chubu chija n'kumachiyang'ana osachimata. Ndinapita kukawatula katundu, Amayi, m'malo mwake ndawasenzetsa wina wolemera kuposa woyambayo. Woyamba uja ankadziwa mumtima kuti ndi bodza, koma uyu akumukhulupirira.

Pamene ndinkanyamuka, nzimbe zija zinali pansi pomwepo, nyerere zitayamba kale kuzizinga. Ndili mu minibasi ndi pamene ndinazindikira kuti pepani uja sindinamutchule.

Masiku ano ndimadzifunsa ngati sikukanakhala bwino ndikanathawa nawo anthu a kafukufuku aja. Koma ndikanathawa, bwenzi ndikukutsatirani pang'onopang'ono, kumjigo akundinong'ona, ine ndikudana ndi munthu wosalakwa mpaka kumanda. Ndipo namwino akuti Tadala nayenso aziyezetsa, poti matendawa amatha kuyenda m'mtundu. Ndiye sindingawatukwane. Kungoti choonadi chawocho chafika mochedwa, ndipo chandipeza ndili yemwe uja wothamanga pakamwa.

Atsibweni ndawauza dzulo. Akalamba nawonso, koma liuma lilipobe. Ati madzi akatayika saoleka. Ndawayankha kuti munthu si madzi, akadali moyo ku Lirangwe, akuphika yekha. Atsibweni sanandithamangitse.

Ndikukulonjezani zinthu izi, Amayi. Lachitatu ndikawatenga Abambo, ndipite nawo kwa namwino uja, kuti amve kuchokera kwa wodziwa kuti nzimbe si imene inayambitsa matenda anu. Mwina iye amumvera. Tikatero ndibwera nawo kuno kumudzi, adzanyamule kamwana kotchedwa dzina lanu, adzaonenso pamene munagona. Kusudzula kuchitika, atsibweni afune asafune. Ndipo pepani wangayo sindikamunong'onera pamsika. Ndidzaima pakhonde lomwe lija, anthu omwe aja ali pomwepo, n'kunena mokweza monga ndinakwezera tsiku lija.

Koma pali chimodzi chimene ine sindingathe. Abambo ankamvera inu nokha. Ngati kumeneko amalola, kawaonekereni kutulo, mukawauze kuti nzimbe zija zinkakoma.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Feliya